Momwe mungaperekezere mayi woyembekezera osamusankhira zochita

Pachipatala chilichonse chochirirako amayi kuno ku Mangochi, kaya ndi paboma, ku Malindi, ku Monkey Bay kapena ku Namwera, mukazungulira kuseri mupeza utsi uli tolo, mapoto ali pamafuwa, zitenje zili pachingwe. Amenewo ndi magadiyani. Ntchito yawo tonse timaidziwa: kuphika phala, kuchapa, kutunga madzi, kunyamula beseni. Koma pali ntchito ina imene sitiitchula kawirikawiri, yothandiza mayi wapakati kuti asankhe yekha zochitika pa thupi lake ndi pa mwana wake.

Kumaiko ena wogwira ntchito imeneyi amamutcha doula, liwu la Chigiriki lomwe kalekale linkatanthauza mkazi wotumikira. Amachita kuiphunzira, ndipo ambiri amalipidwa. Si namwino ndipo si mzamba: sayeza njira, sabaya jakisoni, sadula mchombo. Amakhala pambali pa mayiyo kuyambira ali ndi pakati mpaka atachira, kumulimbitsa mtima, kumusisita msana, n'kuonetsetsa kuti akumva zonse zimene zikumuchitikira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2018 okhudza kasamalidwe ka mayi pochira, lidati mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi womuperekeza amene wamusankha yekha. Kwathu kuno dzinalo ndi lachilendo, koma munthuyo alipo kale. Ndi mayi ake, azakhali, mkulu wake, mnansi wa mtima wabwino, kapena mzamba wakale amene adasanduka woperekeza boma litaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi mu 2007. Ine ndaperekezapo abale ndi anansi kangapo konse, ndipo zambiri zili pansipa ndidazidziwa nditalakwitsa kaye.

Choyamba: funsani ngati ndinu amene akukufunani

Nthawi zambiri gadiyani amasankhidwa ndi akuluakulu. Apongozi amangoti, "Ndipita naye ine," basi nkhani yatha. Mwini mimba safunsidwa, ndipo mwa ulemu sangakane. Ndiye mukauzidwa kuti mukaperekeze, pezani mpata muli awiriwiri, kaya pochapa kunyanja kaya pochokera kuchigayo, mumufunse: "Achemwali, andiuza kuti ndidzakuperekezeni. Inuyo mukufuna ine, kapena pali wina amene mungamasuke naye?" Akatchula wina musakhumudwe. Thandizani kukonza kuti apite ameneyo, inu mudzakhale wophika phala. Mayi amene akuchita manyazi ndi womuperekeza amabisa zambiri, ngakhale magazi amene ayamba kutuluka.

Pomwepo muuzeninso malire anu. Simudzamupatsa mankhwala, simudzamuyeza, simudzamuyankhira, ndipo zimene mudzamve kuchipatala zidzathera komweko.

Chachiwiri: tsekani pakamwa, mumve

Mimba ikafika miyezi 5 kapena 6, khalaninso pansi. Funsani mafunso ochepa, ndipo mudikire yankho ngakhale lichedwe. Akuopa chiyani? Mimba yam'mbuyomu idayenda bwanji? Akufuna kukachirira kuti? Akadzapeza kuti namwino wa usiku umenewo ndi wamwamuna, adzamva bwanji? Funso lomalizali musalipeputse. Amayi ambiri kuno, makamaka achisilamu, nkhawa imeneyi amakhala nayo koma sainena, ndipo ena amachedwa dala kunyumba chifukwa cha yomweyo. Ndi bwino aiganizire lero ali bwinobwino, adziwe kuti akhoza kupempha namwino wamkazi ngati alipo, adziwenso kuti pachipatala chaching'ono usiku pamatha kukhala munthu mmodzi yekha pa ntchito.

Chovuta kwambiri apa n'kusunga nkhani zanu kumtima. Ife amene tidachirapo timakonda kuyamba ndi "ine pa mwana wanga woyamba." Mtsikana akamva kuti inu mudabereka ana 6 osalira n'kamodzi komwe, amayamba kuganiza kuti opaleshoni ndi ya anthu aulesi. Akamva kuti mlamu wanu sadatuluke kufiyeta, amauopa mpeni kuposa matenda amene mpeniwo ukufuna kumupulumutsako. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mimbayi si yanu. Akakufunsani kuti, "Inuyo mukanatani?" libwezeni kaye funsolo: "Nanga inu mtima wanu ukupendekera kuti?" Akaumirira, nenani maganizo anu mwachidule, n'kumukumbutsa kuti thupi lanu ndi lake n'zosiyana.

Ngati mimba ndi yoyamba ndipo adamuvinira litiwo, chinamwali cha Chiyao cha mimba yoyamba, kapena adalangizidwa ndi anankungwi, mufunseni zimene adamuuza. Zambiri ndi zabwino. Zina n'zakuti asadye mazira, asalire pochira, asauze munthu matenda akayamba. Musawanyoze akuluakuluwo pamaso pake ngati kuti wanzeru ndinu nokha. Ingonenani kuti, "Izi tikafunsenso kusikelo, timve mbali zonse ziwiri."

Chachitatu: kusikelo ndiko kophunzirira kufunsa

Masiku ano achipatala amafuna kuti mayi aonedwe maulendo 8 asanachire, ulendo woyamba mimba isanapitirire miyezi 3. Yesetsani kupita naye ngakhale kawiri kapena katatu. Munthu amene sadafunsepo namwino kanthu ali bwinobwino sangayambe kufunsa msana ukung'ambika. Muphunzitseni mafunso anayi awa mpaka awaloweze ngati nyimbo ya kusikelo:

1. Mwapeza chiyani, ndipo mukufuna kuchita chiyani?
2. Ubwino wake ndi wotani, nanga kuipa kwake?
3. Pali njira ina?
4. Tikadikira kapena tikapanda kuchita, chingachitike n'chiyani?

Ayesere pa zinthu zing'onozing'ono. Akamupatsa Fansida kuti amwe pomwepo, afunse chifukwa chake. Amuuza kuti malungo amatha kubisala m'nsengwa iye osamva kudwala, n'kumuchepetsa magazi, mwana n'kubadwa wochepa thupi. Mayi amene wamva chifukwa amamwa ndi mtima wonse. Wongolamulidwa amati "zikomo" pamaso pa anamwino, akafika kunyumba n'kutsomeka kudenga mapiritsi owonjezera magazi, poti amamuchititsa nseru kapena adamva kuti amakulitsa mwana m'mimba.

Pamene mwakhala m'chipindamo pakhalenso poganizira. Musakhale pakati pa iye ndi namwino. Khalani pambali, chakumbuyo pang'ono. Anamwino akatanganidwa amakonda kulankhula ndi wamkulu amene akuoneka wochangamuka, ndipo ameneyo ndinu. Akakuyang'anani pofunsa, inu yang'anani mwini mimba. Kachete kameneko kamatalika, kamachititsa manyazi, koma kapirireni. Akakanikadi, mukumbutseni monong'ona: "Paja kunyumba munati mufunsa za kutupa miyendo kuja."

Kuno kuli nkhani ya chilankhulo. Amayi ambiri a ku Makanjira, Katuli kapena Namwera amamasuka m'Chiyao, pamene namwino mwina wachokera ku Ntcheu kapena ku Mzimba ndipo Chiyao akungochiyamba kumene. Ngati ndinu womasulira, masulirani zonse osasefa. Namwino akalankhula ziganizo zisanu, inu musangoti "akuti muvomere." Mayi akafunsa funso limene inu mukuliona ngati lopepera, liperekeni momwe liliri. Womasulira amene amasefa mawu wamusankhira kale mnzake, ngakhale iye mwini sakudziwa.

Pobwerera, panjira, mufunseni akuuzeni m'mawu ake zimene wamva. Mudzadabwa kuti kangati munthu amagwedeza mutu asanamve kanthu. Pamene pasokonekera, bwererani tsiku lomwelo ngati n'kotheka, kapena kafunseni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Pa nthawi yoyeza kachilombo ka HIV, tulukani, pokhapokha akakuitanani yekha. Kuyambira mu 2011 dziko lino limayambitsa mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense wapakati amene wapezeka ndi kachilomboka, ndipo akamamwa mwandondomeko mwana amatetezeka kwambiri. Koma woti auzidwe ndani, liti, ndipo motani, wosankha ndi mwini wake. Buku lake la kuchipatala mukalinyamula, musalitsekule pagulu, musalisiye pamkeka pogona magadiyani. Chimene mungachite n'kumufunsa ngati akufuna kuti mudzakhalepo tsiku limene adzauze amuna ake.

Chachinayi: akubanja, ndalama ndi msewu

Apa ndikhalitsapo, chifukwa amayi ambiri sataya mphamvu yosankha m'chipatala ayi, amaitaya pakhonde la nyumba yawo. Mayi adziwa kuti nthawi yakwana, koma sanganyamuke asanalole amuna ake, amene ali ku Joni kapena ali pamadzi mpaka m'mawa. Foni ikulira osayankhidwa. Atsibweni, eni mbumba, ali kumudzi wina. Apongozi akuti tidikire kuche. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Ntchito yanu si kulimbana ndi anthu amenewa. Mukawatenga ngati adani, inu mudzachoka, iye n'kutsala nawo zaka zonse. Ntchito yanu n'kuthandiza kuti mawu ake amveke iwo asanamange mfundo, komanso kuti mfundozo zimangidwe nthawi ikadalipo. Mimba ikamakwana miyezi 7, mufunseni mayiyo kuti pa nkhani za mimbayi ndani ayenera kumva. Kenako apangane tsiku. Ngati bambo ali ku South Africa, imbani pa WhatsApp madzulo ataweruka, onse ali pomwepo. Mayiyo ayambe ndiye kulankhula. Ngati mwambo sukumulola kulankhula pamaso pa atsibweni ake kapena apongozi aamuna, gwirizanani kale mawu amene inu mukanene m'malo mwake, ndipo mukawanene monga ake: "Mwana wanuyu wandituma kuti ndinene kuti akufuna akadikirire kuchipatala." Musawonjezere zanu.

Pamsonkhano umenewo patuluke zinthu izi. Akachirira kuti? Anyamuka liti? Ndalama ya kabaza kapena ya matola isunga ndani, ndipo ili m'manja kapena pafoni? Ngati ili pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kumbukirani kuti pakati pa usiku wotapitsa ndalama amakhala atagona. Ina ikhale yogwirika, yomangidwa pachitenje. Ana otsala adzawasamala ndani? Ndipo chachikulu pa zonse, bambo ndi eni mbumba anene pamaso pa onse kuti achipatala akadzati akufunika opaleshoni, kuikidwa magazi kapena kutumizidwa kuchipatala chachikulu, mayiyo avomere yekha osadikira foni. Mawu amenewa akanenedwa mwezi wachisanu ndi chiwiri, usiku wa matenda simudzathamanga kufunafuna pogwira netiweki.

Muthandizeni kuona msewu momwe uliri. Kuchokera ku Makanjira kufika paboma ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikasefukira ulendowo umatha kukanika. Zipatala zing'onozing'ono sizichita opaleshoni ndipo siziika magazi. Zikaona vuto zimatumiza, ndipo ambulansi imatha kukhala ili kwina. N'chifukwa chake mayi amene adachitidwapo opaleshoni, wa mapasa, wa mwana wokhala mopingasa, wothamanga magazi, kapena mtsikana wamng'ono kwambiri, amauzidwa kuti akadikirire pafupi ndi fiyeta. Zoterezi adzisankhire akudziwa chifukwa chake, osati poti "anamwino alamula."

Katundu amakonzedwanso nthawi yomweyi: zitenje zochapa bwino, beseni, pepala la pulasitiki loyala, lezala latsopano, ulusi, tochi, ufa ndi nkhuni za kodikirira. Funsani kusikelo zimene pamalopo amafuna, chifukwa zimasiyana. Funsaninso ngati gadiyani amaloledwa kulowa m'chipinda chochirira. Kwina amalola wamkazi mmodzi, kwina salola poti mabedi ali angapo m'chipinda chimodzi.

Chachisanu: akasankha zimene inu simukugwirizana nazo

Zidzachitika ndithu. Mwina adzakana kukadikirira kuchipatala. Musayambe ndi kumuopseza. Funsani chimene chikumugwira. Kawirikawiri si kuuma mutu ayi: ndi ana aang'ono opanda wowasiyira, mpunga woti umwetedwe, usipa uli pathandala, kapena ufa woti sungakwane kugawa pawiri. Izi ndi zinthu zoti abale akhoza kugawana, ndipo zikachoka, yankho lake limasintha lokha. Ngati amfumu a m'dera lanu adaika chindapusa kwa wochirira kunyumba kapena panjira, muuzeni kuti adziwe, koma musachisandutse chikwapu. Akakanabe atamva zonse, konzani naye njira yachiwiri: nambala za akabaza awiri, foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi, ndi pangano lakuti akangomva msana kapena nsupa ikasweka, mukunyamuka nthawi yomweyo. Musamunyanyale. Mayi amene gadiyani wake wamukwiyira amachira yekha m'nyumba, kuopa kumva "ndinkanena ine."

Mwezi wa Ramadan umabweretsa funso lake. Chisilamu chimalola mayi wapakati kapena woyamwitsa kusiya kufunga ngati akuopera moyo wake kapena wa mwana, koma ambiri amafunabe kufunga pamodzi ndi anzawo. Kaya ndinu Msilamu kaya Mkhristu, yankho lisachokere kwa inu. Muthandizeni kufunsa kuwiri: kwa anamwino za magazi ake, kakulidwe ka mwana ndi nthawi yomwera mankhwala, kwa ashehe kapena kwa mayi wodziwa za chipembedzo za chilolezo chimene ali nacho. Akasankha kufunga, gwirizanani zizindikiro zomasulira: chizungulire, mkodzo wochepa ndi wakuda, mwana kuchepetsa kusewera m'mimba. Kutentha kwa kuno si koseweretsa.

Mwanamphepo ndi nkhani ina. Kulemekeza maganizo a munthu sikutanthauza kumubisira zoona. Mwanamphepo ndi mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, ndipo alibe muyeso. Amatha kukokera chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana n'kubanika, chiberekero n'kung'ambika, makamaka kwa mayi wa chipsera cha opaleshoni. Muuzeni zimenezi mosapita m'mbali. Inu musamunyamulire, musamusungunulire m'phala, ndipo yang'anirani mabotolo obwera ndi alendo kodikirira. Ngati wamwa kale, mulimbikitseni awauze anamwino yekha, nthawi imene wamwa ndi kuchuluka kwake. Akaopa kukalipiridwa, pitani naye mukanene limodzi. Kukalipiridwa kumatha, chiberekero sichibwerera.

Chachisanu ndi chimodzi: matenda akayamba

Mwana wa mkulu wanga atadwala mimba yake yoyamba, tidagonera usiku wonse njira osatseguka bwino. M'mawa adokotala atatchula opaleshoni, ine ndidalumpha: "Ayi, kwathu sitichitidwa zimenezo, tidikire." Namwino wina wachikulire adandiyang'ana, n'kutembenukira kwa mtsikanayo: "Mwanawe, ndikufunsa iwe." Iye adayankha motsitsa kuti watopa, ndipo wakhala akufuna kupempha kuyambira usiku koma amaopa ine. Mpaka lero ndikakumbukira ndimagwira pakamwa. Ndidapita kukamuthandiza, koma chimene chinkamutseka pakamwa ndinali ine.

Ndiye zochita ndi izi. Ululu wa matenda umabwera n'kupita. Ukafika pachimake, munthu samva chilichonse. Musamufunse kanthu, musalole kuti avomere kanthu. Mugwireni dzanja, mutsindireni m'chiuno, mupume naye limodzi. Ukatsika, mupatseni madzi pang'ono ngati anamwino alola, ndiye mubwereze zimene zanenedwa m'mawu afupiafupi: "Akuti njira yafika masentimita 6, ikufunika ifike 10. Akufuna akuikeni diripi ya mankhwala owonjezera matenda. Mwamva? Pali chimene mukufuna kufunsa?" Funso limodzi pa nthawi imodzi.

Anamwino kapena adokotala akabwera ndi ganizo, funso loyamba likhale lakuti, "Kodi n'zachangu, kapena tili ndi mphindi zochepa zoti aganize?" Lifunseni mwaulemu. Akati nthawi ilipo, gwiritsani ntchito mafunso anayi aja, kenako musiyeni apume ndi maganizo ake. Akafuna kupemphera kapena kuimbira amuna ake, muthandizeni. Kuimba foni kofuna kulimba mtima n'kosiyana ndi kuimba kopempha chilolezo, paja chilolezo chidaperekedwa kale.

Zing'onozing'ono nazo ndi zosankha. Akufuna kuyendayenda kapena kugona chammbali? Akufuna kusisitidwa kapena asakhudzidwe? Akufuna muzilankhula kapena mukhale chete? Mayi amene amafuna kusisitidwa ola lapitalo akhoza kukukankhani tsopano. Musadandaule, si chipongwe.

Pepala lovomereza opaleshoni likabwera, liwerengedwe kapena lifotokozedwe m'chilankhulo chimene akumva asanasaine kapena kudinda chala. Amve kuti achita chiyani, chifukwa chiyani, ndipo ngati pali china chowonjezera, monga kutseka kubereka. Ngati ndi mtsikana wosakwana zaka 18 ndipo wosaina ndinu, musasaine iye ali kumbali ngati mbuzi ya pamsika. Afotokozeredwe iyeyo, afunse, ndipo inu musaine akuona.

Anamwino musawatenge ngati adani. Nthawi zambiri amakhala mmodzi kapena awiri pa amayi ambirimbiri, atagwira usiku wonse. Gadiyani wolalata amathamangitsidwa panja, mayi n'kutsala yekha. Ngati mawu aukali atuluka, inu tsitsani anu: "Pepani anamwino, sanamve bwino, tabwerezaninso." Mawu amenewa amatsekula zitseko zambiri.

Chinthu chimodzi chokha ndicho muyenera kuchikaniza poyera. Matenda akatalika, pali akuluakulu ena amene amayamba kumuumiriza mayi kuti aulule amuna amene adayenda nawo, ati ndiye mwana atuluka. Mwana amachedwa chifukwa mutu wakula kuposa njira, wagona molakwika, kapena chiberekero chatopa. Kudikira kuulula kumangotalikitsa nthawi imene mutu wa mwana ukutsindira chikhodzodzo, ndipo mapeto ake ndi fisitula, matenda otaya mkodzo osalekeza amene amayi amakachitidwa nawo opaleshoni mpaka ku Bwaila ku Lilongwe. Zoterezi zikayamba, itanani anamwino, ndipo apempheni akuluakuluwo mwaulemu kuti akadikire panja.

Chachisanu ndi chiwiri: pamene nthawi yokambirana palibe

Magazi akamatuluka, mutu ukamawawa kwambiri maso n'kumachita mdima, nkhope ndi manja zikatupa, akakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, thupi likatentha kwambiri, mwana akasiya kusewera, madzi a nsupa akatuluka obiriwira, kapena mkono kaya mchombo ukatsogola: nyamukani, kapena ngati muli kale kuchipatala, fuulani. Apa mafunso anayi aja amasanduka chiganizo chimodzi chomuuza mayi zimene zikuchitika pamene mukuyenda: "Mukutaya magazi, akukutengerani kufiyeta, ine ndili pompano." Zimene adakuuzani ali bwino, monga ngati chipembedzo chake chimaletsa kuikidwa magazi, auzeni achipatala msangamsanga monga momwe adanenera iye, osachotsera osawonjezera, kuti alankhule naye okha ngati akadali wozindikira.

Chachisanu ndi chitatu: atachira

Mwana akalira, magadiyani timathamangira kukaimba mafoni n'kuiwala mayi. Khalani pomwepo. Tsiku loyamba ndilo loopsa pa kutaya magazi. Muziyang'ana zitenje, ndipo akapempha kutuluka msanga poti kunyumba kuli ana, afunse kaye anamwino chifukwa chimene akumusungira. Mwana aikidwe pachifuwa ndi kuyamwa m'ola loyamba. Agogo akanena kuti mkaka woyamba wachikasu uja ndi woipa, ufinyidwe, mayi amve kwa anamwino kuti ndiwo uli ndi chitetezo chochuluka, ndipo pamchombo pasapakidwe china chilichonse kupatula chimene achipatala apereka.

Nkhani ya kulera imabwera asanatuluke, pamene ali wotopa ndipo aliyense ali ndi maganizo ake. N'chifukwa chake ndi bwino kuikamba mimba ikadalipo. Jakisoni wa Depo ndi wa miyezi 3, tapulasitiki ta pamkono ndi ta zaka 3 kapena 5 malinga ndi mtundu wake, lupu imatha kukhala zaka 10, ndipo zonsezi akafuna mwana wina amasiya kapena kuchotsetsa. Kutseka n'kosabwerera. Achipatala amalangiza kudikira zaka ziwiri asanatenge pakati pena. Mayi amene wangomva ululu wa maola 15 akhoza kulumbira kuti sadzaberekanso, pakatha chaka n'kumalira. Ngati sadaliganizirepo kale, mukumbutseni kuti akhoza kuyamba ndi njira ina n'kudzatseka mtsogolo. Ngati adaliganizira kalekale ndipo ana amukwana, musamubweze poti inu mumakonda banja lalikulu.

Pakatha sabata, mukamuone m'chikuta. Mutengereni nsomba kapena nkhuni, mukhale pansi, mumusiye afotokoze yekha momwe zidayendera, ngakhale inu mudaliko. Pamene sadamvetse, monga chifukwa chimene adamuchitira opaleshoni, lembani kuti akafunse ku sikelo ya masabata 6, chifukwa yankho lake lidzafunika pa mimba ina. Ngati pali chimene chidamupweteka mtima, kaya kutukwanidwa kaya kuchitidwa kanthu osauzidwa, muuzeni kuti pachipatala cha boma pamakhala ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo, ndipo zipatala zing'onozing'ono zili ndi makomiti a anthu a m'mudzi. Akati tiyeni, mupite naye. Akati zisiyeni, zisiyeni, ndipo musakazikambe kuchitsime.